ZA UMOYO: Mwezi Ukadumpha, Mai Apime Liti?

Tsiku limene mai anali kuyembekezera kupita kumwezi likafika ndi kupita popanda kuona kanthu, mtima sukhala m'malo. Wina amakondwera mobisa cifukwa wakhala zaka afunafuna mwana. Wina amacezera usiku wonse pakuti mwana wace akali kuyamwa, kapena iye mwini akali pa sukulu. Koma funso la onse awiri ndi limodzi: kodi apime lero lomwe, kapena ayambe wayembekeza?

Kuti yankho limveke bwino, nkofunika kudziwa cimene kapepala kopimira mimba kamafuna mu mkodzo. Dzira la mkazi likakumana ndi mbeu ya mwamuna, pamapita masiku 6 kufikira 12 lisanakhazikike m'cibaliro. Likakhazikika m'pamene thupi limayamba kupanga timadzi tina timene madotolo amachula kuti hCG. Timadziti timayamba tocepa zedi, koma pa milungu yoyambirira timawirikiza kawiri pakapita masiku 2 kapena 3 ali onse. Kapepala kaja sikaona mwana ai. Kamangozindikira timadziti tikacuruka mokwanira. Ndico cifukwa cace mkazi amene wagona ndi mwamuna Loweruka napima Lolemba, wataya ndalama yace cabe.

Timapepala tambiri tikhoza kuonetsa mimba kuyambira tsiku loyamba limene mwezi wacedwa. Bvuto ndi lakuti dzira silituluka pa tsiku limodzimodzi mwezi uli wonse. Likacedwa kutuluka, mimbanso imakhala itacedwa kuyamba, ndipo timadzi tija timakhala tisanakwane pa tsiku limene mai awerengera. Motero mai amene aleza mtima mlungu umodzi mwezi utadumpha amalandira yankho lodalirika koposa. Ngati wapima msanga napeza mzera umodzi, koma kumwezi osapitabe, asafulumire kunena kuti alibe pathupi. Abwereze patapita masiku 3 kufikira 7.

Alipo azimai ena amene masiku ao sayenda mwa dongosolo, mwakuti sangathe kuloza tsiku limene anayenera kusamba. Otere awerenge masiku 21 kucokera pa tsiku lomariza limene anagona ndi mwamuna popanda kudziteteza, ndipo apime.

Mkodzo wabwino ndi wa m'mamawa pouka, pakuti ndiwo wosasungunuka. Kumwa madzi ambiri kuti mkodzo udze msanga kumangosokoneza zinthu. Yankho liwerengedwe pa mphindi zimene zalembedwa pa cipepala cace, kawirikawiri 3 kufikira 5. Mzera waciwiri ukaoneka pa nthawi imeneyo, ngakhale ukhale wozimiririka, ndiye kuti mimba iripo. Koma mzera wotulukira kapepala katauma kale pa windo suyenera kukhulupiriridwa. Wogula ayang'anenso tsiku limene kapepalako katha mphamvu, ndipo apewe kogulitsidwa pa thebulo la pa msika pamene katentha ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala.

Si nthawi zonse pamene kudumpha kwa mwezi kutanthauza mimba. Mai woyamwitsa, wolasidwa nyeleti ya cilezi ya miyezi 3, woonda kaamba ka matenda, wobvutika ndi nkhawa, ndi uja wapitirira zaka 45, onsewa akhoza kukhala osasamba. Komabe woyamwitsa asadzinyenge: dzira limatuluka kusamba kusanabwerere, ndipo ambiri atenga mimba ina asanaone mwezi ndi kamodzi komwe cibadwire mwana. Mai amene wapima kangapo osapeza mimba, koma miyezi 3 yapita osasamba, apite akaonane ndi anamwino.

Kupima kumene lero kutenga mphindi zocepa kunali nchito yaikulu kale. Ca m'ma 1927, madotolo awiri a ku Berlin, Aschheim ndi Zondek, anali kulasa mkodzo wa mkazi mu mbewa ndi kuzitumbula patapita masiku. M'zaka za m'ma 1930, akatswiri a ku Cape Town anapeza kuti cule wina wa m'madzi wa kuno kum'mwera kwa Africa amaikira mazira tsiku lisanathe akalasidwa mkodzo wa mai wapathupi. Acule amenewa anatumizidwa m'zipatala za maiko akutali, nagwira nchitoyo kufikira m'ma 1960. Zopimira kunyumba zinayamba kugulitsidwa m'ma 1970.

Kupima msanga kumangotayitsa ndalama. Cimene cimabvulaza kwambiri ndi kucedwa. M'midzi yambiri ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, mimba yaing'ono siichulidwa pa anthu. Mtsikana wa mimba yoyamba amayembekezera kuti akulu aone okha ndi kumlanga, ndipo ena amaopa kuti anthu oipa mtima akamva, mimbayo idzaonongeka. Mwambo wosunga cinsinsi ulibe colakwa, ndipo anamwino naonso amalamulidwa kusunga cinsinsi ca wodwala. Colakwa cimadza pamene mai abisira ndi a ku kiliniki omwe, nakaonekera kumeneko cibvalo citayamba kale kuthina.

Madotolo amawerenga mimba kuyambira pa tsiku loyamba la kusamba komariza. Ndiye kuti pa tsiku limene mwezi wadumpha, mimba imakhala ili kale ndi milungu 4. Pofika milungu 6, njira imene idzakhala msana ndi ubongo wa mwana imakhala ikutsekeka, ndipo mapiritsi a folic acid, amene amacinjiriza kupunduka kwa ziwalo zimenezi, amathandiza kweni-kweni akamwedwa nthawi imeneyi isanapite. Pa milungu yomweyi mowa, fodya ndi mankhwala ena akhoza kuononga mwana amene mai wace sanadziwe nkomwe kuti alipo. M'caka ca 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mai aonane ndi a zaumoyo nthawi 8 pa mimba yace, ulendo woyamba milungu 12 isanakwane. Pa ulendo umenewo amapimidwa magazi kuona ngati ndi ocepa, ndiponso ngati muli cindoko kapena kacirombo ka HIV, kuti mankhwala ayambe mwana asanatengere.

Pali nthawi imodzi pamene kuwerenga masiku kulibe nchito. Mimba ina imakhazikika m'kanjira kopita ku cibaliro m'malo mwa m'cibaliro mweni-mweni, ndipo pamene ikula, kanjirako kamaphulika, magazi natayikira m'kati. Mai amene mwezi wamdumpha akamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, akaona timagazi takuda, akamva kuwawa pa nsonga ya phewa, kapena akacita cizwezwe ndi kukomoka, asayembekezere mlungu uja, ngakhale kuca kwa mawa. Mimba yotere ikaphulika imafuna opaleshoni, imene kiliniki yaing'ono singacite. Mwamuna wace kapena abale afune galimoto, njinga kapena ngolo usiku womwewo, ndipo pofika auze anamwino tsiku limene maiyo anasamba komariza.