Kutukula pikapu si kuonjezera matumba

 Sabata ino ndale tiziike kaye pambali, tikambe za kagalimoto kaja kamakubweretserani katundu m'bandakucha. Ine wanu ndikadapita kumasano chifukwa cha masipuling'i, ndiye nkhaniyi sindikuitola pa bawo ayi.

Alamu anga ndi a geni ya kabichi ndi tomato. Atasonkhasonkha timakobiri, anagula Toyota Hilux yakale kwa madala ena a ku Sunnyside. Galimoto yosamalika zedi, moyo wake wonse imangonyamula ana a sukulu ndi manyowa a maluwa. Koma alamu atangoisenzetsa madengu ulendo woyamba, inakhala pansi kumbuyo ngati galu wodikira mkute.

Anathamangira nayo kwa makanika wina wa pansi pa mtengo. Iye anatenga zitsulo za sipuling'i ya lole, zija amati malifu, n'kuonjezera ziwiri mbali iliyonse. Tizitsulo tolendewera kumapeto kwa sipuling'i, ma shackle, anawotcherera tatitali. Ma shock ndi ma U-bolt anabwezera akale omwewo. Pofika madzulo galimoto inali njo!

"Alamu, taonani mmene yaimira, ngati tambala!" anatero akulu aja.

Tsiku la ulendo wa ku Nchalo ndinakwera nawo. Tinadzera ku Sunnyside kukatenga tayala la sipeya limene linatsalira, poti msewu wa ku Chikwawa ndi womwewo. Madala aja anaizungulira galimoto, n'kusuzumira pansi. "Bambo, valavu ya mabuleki akumbuyo mwaisuntha?" Alamu anangoseka. Ati azibambo a kumayadi amadziwa chiyani za geni.

Paja safunsa anadya phula. Pamtsetse wokhotakhota uja wotsikira ku Thabwa, tinayamba kumva fungo lachiwawu. Kenaka buleki n'kufewa ngati mkate. Amayi atatu amene anakhala pamwamba pa katundu anayamba kuitana Yesu. Mwayi wake alamu anabweza giya n'kukaikhuza galimoto kuchigumula cha m'mbali mwa msewu. Palibe anavulala, koma madengu anayi a tomato anasanduka supu, ndipo shock imodzi tinaipeza itazuka. Phindu la mwezi wonse linathera pomwepo.

Valavu ija ndi iyi. Mapikapu ambiri akale, opanda ABS, ali ndi kachipangizo pa chasisi kolumikizidwa ku ekiselo yakumbuyo ndi kandodo. Katundu akalemera, galimoto imatsika, ndipo kachipangizoko kamaonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo. Mukatukula kumbuyo osakonzanso kandodoko, iko kamayesa kuti galimoto ilibe kanthu ngakhale mwadzadza. Ntchito yonse imagwera mabuleki akutsogolo, ndipo pamtsetse wautali amapsa.

Tsono inu amene mukufuna kutukula yanu, yambani mwadzifunsa: vuto langa n'chiyani?

Ngati galimoto ikukhala pansi ndi katundu wa muyezo, masipuling'i atopa. Gulani seti yathunthu ya mtundu wa galimoto yanuyo, kapena lifu imodzi yothandizira yofanana m'lifupi ndi anzake, mbali zonse ziwiri. Lifu ya lole ndi yolimba mopitirira: galimoto ikakhala yopanda katundu imadumpha ngati chule, matayala osagwira pansi, ndipo nkhonya za maenje zimakathera pa chasisi. Lifu yothyoka musalole kuti aiwotcherere. Chitsulo cha sipuling'i chikapsa ndi moto chimathyokanso pompo.

Ngati vuto ndi kukhula pansi m'misewu yokumbika ngati ija inasiya namondwe Freddy mu 2023, dziwani ichi: masipuling'i amakweza bodi, koma difu imatsala pomwe inali. Chokweza difu ndi tayala lalitaliko basi. Ndipo kutukula kopitirira mainchesi awiri, mamilimita 50, kumayamba kukoka zinthu zina zambiri.

Ma shock akhale otalika molingana ndi mmene mwakwezera. Aafupi amakokeka mpaka kuzuka, monga anachitira athu. Shock sinyamula katundu, ntchito yake ndi kuletsa kudumphadumpha, ndiye wina asakunamizeni kuti "ma shock a gasi" aonjezera matumba.

Ma U-bolt gulani atsopano nthawi zonse, ndipo mukayenda masiku angapo kamangitseninso. Akale anatamuka kale. Akamasuka, ekiselo imasuntha ndipo galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu. Mabushi nawo sinthani, ndi otsika mtengo. Onaninso kapaipi ka labala ka mabuleki kopita ku ekiselo: kakakhala kokokeka, tsiku lina kadzaduka.

Za mabuloko oika pakati pa sipuling'i ndi ekiselo, suzumirani kaye pansi. Pa 4x4 zambiri sipuling'i imakhala pamwamba pa ekiselo, ndiye buloko imakweza. Pa mapikapu ambiri wamba sipuling'i imadutsa pansi pa ekiselo, ndiye buloko imatsitsa galimoto. Alipo anagula n'kukazindikira ali kunyumba.

Kutsogolo nako kuli nkhani. Nissan Hardbody ndi ma Hilux ambiri a zaka za m'ma 1990 ali ndi mpiringidzo wachitsulo wotchedwa torsion bar, umene makanika amangoumanga ndi sipanala galimoto n'kukwera. Zaulere zimakoma, koma akapitiriza muyezo ma ball joint amatha msanga ndipo matayala amadyeka mbali imodzi. Hilux yoyambira 2005 ili ndi masipuling'i ozungulira kutsogolo, njira yake ndi ina. Mulimonsemo, mukatha kapimitseni alayimenti ndipo muongole nyali, kuopa kuthobwa anzanu m'maso pa Chipembere Highway.

Koma mutu wa nkhani ndi uwu, amangwetu. Pikapu imene timati ya tani imodzi imanyamula makilogalamu pafupifupi 1,000, kuphatikizapo dalaivala ndi aliyense wakwera. Amenewo ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, musanachotsepo thupi lanu ndi la anyamata anu. Ka Nissan 1400 ndi ka theka la tani chabe. Kulemera konse kololedwa, GVM, kunalembedwa pa kachitsulo ka fakitale kamene kali pagalimoto yanu, ndipo palibe makanika angakusinthe ndi hamala. Tayala nalo lili ndi malire: lolembedwa 195R14C 106 limasenza makilogalamu 950, osapitirira. Mukaonjezera malifu, mabuleki ndi omwe aja, mabering'i ndi omwe aja, chasisi ndi yomwe ija. Mwangobisa chizindikiro chimene chimakuuzani kuti katundu wakwana. Kuonjezera apo, galimoto yaitali yosenza katundu pamwamba sichedwa kugubuduka pakona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa, mafuta akwera ndipo aliyense akufuna ulendo umodzi ukwanire maulendo awiri. Koma werengerani mtengo wa difu, wa tomato wotayika, ndi wa bokosi la maliro a mayi wa eni ake amene anangokwera matola.

Alamu anachotsa malifu a lole aja. Anagula seti yoyenera, ma shock ndi ma U-bolt atsopano, valavu n'kuikonzetsa. Sabata yatha anapita ku Sunnyside ndi dengu la tomato kukathokoza madala aja. Ati anawalandira bwino, koma asanalandire dengu anayamba asuzumira pansi pa galimoto.

Tionane sabata yamawa, geni ikuyendereni.