Kalasi yawo ili pafakitale ya magalimoto

Ku Chattanooga, m'chigawo cha Tennessee ku America, kuli ana a sekondale amene kukacha salowera kusukulu kwawo. Amapita pafakitale ya Volkswagen, imene inatsegulidwa mu 2011, ndipo kalasi yawo ili pomwepo. Dongosololi linayamba mu 2016 mogwirizana ndi sukulu za boma za Hamilton County komanso koleji ya zaka ziwiri ya Chattanooga State Community College. Amatenga ana a zaka ziwiri zomaliza za sekondale, tinene kuti msinkhu wa Fomu 3 ndi Fomu 4, n'kumawaphunzitsa mechatronics.

Ntchito imeneyi imafuna munthu wodziwa makina, magetsi ndi kompyuta pamodzi. Lamba wonyamula katundu akaima mufakitale ya masiku ano, vuto lingakhale mota, kapena sensa imene yadetsedwa ndi fumbi, kapena mpweya umene ukuthawa m'mapaipi, mwinanso malangizo olakwika mu PLC, kakompyuta kolamulira makinawo. Makaniko nzeru zimuthera pa zitsulo, wamagetsi pa mawaya. Pakufunika mmodzi wotha kulondola vutolo mpaka kulipeza, ndipo alipeze msanga, poti makina akakhala chiimire ndalama zikupita.

Chomwe chimakopa makolo n'chakuti phunziro limodzi limawerengedwa kawiri: kusekondale ndi kukoleji ya zaka ziwiri ija. Azungu amati dual enrollment. Chigawo cha Minnesota chinakhazikitsa lamulo lake la zimenezi mu 1985. Ku North Carolina, kuyambira 2012, ana otere salipira fizi, pomwe ku Tennessee amathandizidwa ndi ndalama zochokera ku lotale ya boma. M'dziko limene ngongole ya kuyunivesite imatsata munthu mpaka imvi, zimenezi si zachibwana.

Ineyo njirayi ndaikonda, makamaka chifukwa cha mwana uja amene masamu apabolodi amamugonetsa, koma mukamupatsa mita yoyezera magetsi amadzuka. Lamulo la zamagetsi la Ohm limamveka msanga fyuzi ikapsa pamaso pake. Ndipo luso la manja limapatsidwa ulemu wa satifiketi ya koleji, osati kukhala kothawira olephera ayi.

Komabe wina asanamize makolo kuti zonse ndi uchi. Magiredi amene mwana wa zaka 16 wapeza kukolejiko amalembedwa m'mbiri yake ya maphunziro ndipo safufutika. Akachita chibwana temu imodzi, adzazionera kutsogolo pofunsira malo kapena thandizo la fizi. Chinanso, maphunziro ambiri a mechatronics amatsogolera ku digiri yotchedwa Associate of Applied Science, imene cholinga chake ndi kulowetsa munthu ntchito. Mayunivesite ophunzitsa uinjiniya nthawi zambiri salandira maphunziro onse a mtundu umenewu, chifukwa amafuna masamu a calculus ndi physics yozama. Mwana amene amaganiza kuti wadula njira amapezeka akuyambira pafupi ndi poyambira.

Kampani nayo siikuchita zachifundo chabe. Ikudzikonzera antchito, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma phindu la kampani ndi tsogolo la mwana siziyenda limodzi masiku onse. Fakitale imatha kusintha makina kapena kuchepetsa anthu.

Choncho inu abale muli ku America ndi ana a msinkhu umenewu, musanasaine fomu, pitani kwa mlangizi wa pasukulu. Mufunseni mayunivesite amene amalandira maphunzirowo, ndi angati mwa maphunzirowo adzawerengedwe, ndipo yankho lake akupatseni cholemba.