Malo ogula pa playlist sakupatsani omvera

Pali uthenga womwe wakhala ukuzungulira m'mafoni a achinyamata oimba, kuyambira pamsika wa Mtunthama mpaka ku Wimbe ndi ku Chamama. Mawu ake amasinthasintha koma mutu ndi umodzi: akuti woimba wakumudzi sangamveke pa Spotify pokhapokha atalipira mwini playlist (mndandanda wa nyimbo), ndipo akangolipira nyimbo yake imvedwa kambirimbiri sabata isanathe, ndalama n'kuyamba kulowa. Ena afika pokhulupirira kuti oimba onse otchuka anayambira pamenepo. Ife tikukana. Nkhaniyi ndi yabodza, ndipo amene akuluzapo ndi ana a alimi omwe ndalama yolipirira situdiyo anaipeza ndi thukuta la m'chigafa.

Choona chilipo pang'ono, ndipo n'chimene chimapangitsa bodzali kukoma. Eni ma playlist ali ndi mphamvu ndithu. Nyimbo pafupifupi 100,000 zimalowa m'malo omverera nyimbo pa intaneti tsiku lililonse, choncho nyimbo ya mnyamata wa ku Kasungu imatha kumira popanda woiona ngati palibe woinyamula. Koma kufuna wokunyamula ndi nkhani ina, kugula malo ndi nkhani inanso.

Spotify inafika ku Malawi mu February 2021, ndipo malamulo ake amaletsa poyera kulipira munthu kuti akutsimikizireni malo pa playlist kapena chiwerengero cha omvera. Taganizani: munthu angalonjeze bwanji kuti anthu zikwi zakutizakuti adzamvera nyimbo yomwe iye mwini sanaimvepo? Angathe pokhapokha ngati omverawo si anthu. Ndi maakaunti abodza oyendetsedwa ndi kompyuta, amene amaliza nyimbo kwa masekondi 30, omwe ndi malire oti iwerengedwe, kenako n'kulumphira ina. Si masewera aang'ono ayi. Mu September 2024 boma la America linatsegulira mlandu Michael Smith wa ku North Carolina pomuganizira kuti anapeza madola oposa 10 miliyoni mwa njira yomweyi.

Chimene wotumiza uthengayo sakuuzani ndi chakuti chinyengo chikadziwika, chilango chimagwera inu. Kuyambira mu 2024 Spotify imalipiritsa chindapusa makampani oika nyimbo pa intaneti ikapeza kuti nyimbo yadzaza ndi omvera abodza, ndipo makampaniwo amatembenukira kwa woimba: amachotsa nyimbo, amagwira ndalama, nthawi zina amatseka akaunti yonse. Mlimi wa kuno safuna kumufotokozera zambiri. Belo la fodya likapezeka ndi zinyalala m'kati kumsika wa Chinkhoma limabwezedwa, ndipo nambala yolembedwa pachiguduli ndi ya mlimi, osati ya amene anamunyengerera kuti awonjezere kulemera.

Nanga ndalama zomwe akulonjezazo? Spotify ilibe mtengo wokhazikika, koma oimba ambiri amapeza madola atatu kapena anayi nyimbo ikamvedwa ka 1,000, ndipo ndalamayo imachepa ngati omverawo ali m'mayiko momwe anthu amalipira zochepa pamwezi. Nyimbo yosafika pa 1,000 m'miyezi 12 silandira kanthu n'komwe. Werengerani nokha ngati zomwe mwatumiza pafoni zingabwerere.

Njira yoona ilipo, ndipo kupereka nyimbo kwa akonzi a Spotify n'kwaulere. Woimba amene nyimbo yake yadutsa kwa kampani monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby amatsegula Spotify for Artists n'kupereka nyimbo imodzi kwa akonzi a Spotify, masiku asanu ndi awiri kapena kuposerapo isanatuluke. Sikuti aitenga basi, koma imafika kwa okutsatirani ikatuluka. Pa Audiomack mumaika nokha nyimbo osalipira. Palinso malo ngati SubmitHub, yomwe anayambitsa Jason Grishkoff wa ku South Africa mu 2015, ndi Groover ya ku France. Kumeneko mumalipira kuti mwini playlist amvere ndi kukuyankhani, koma ali ndi ufulu wokana, ndipo ambiri amakanadi. Amafuna ndalama zakunja, zomwe n'zosowa m'dziko muno, choncho sitikulangiza woyamba kumene kuthamangirako. Tikungofuna muone kusiyana kwake: wonena zoona amakuuzani kuti akhoza kukana.

Polembera mwini playlist, yambani mwamvera mndandanda wake. Nyimbo yauzimu musaitumize kwa wosonkhanitsa amapiano. Lembani mwachidule dzina lanu, kwanu, chinenero cha nyimboyo ndi chifukwa chomwe mukuonera kuti ikugwirizana ndi zomwe wasanja kale, kenako ikani linki, osati kumuunjikira mafayilo. Ndipo musabise kuti ndinu a ku Mtunthama. Zimatipweteka kuona achinyamata akudzilemba kuti ndi a ku Lilongwe ndi kuimba motsanzira Lagos, poganiza kuti kumudzi n'kochititsa manyazi. Wosonkhanitsa nyimbo za ku Africa amalandira zotsanzira Lagos tsiku ndi tsiku. Chimene sachipeza msanga ndi ng'oma ya chimtali kapena ya chisamba yojambulidwa bwino.

Mbiri yathu yomwe ikutsutsa uthengawu. Agogo a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anamveka dziko lonse lapansi atapitirira zaka 90, pomwe Linny Hoo, yomwe anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok. A Madalitso Band ankaimba ndi babatoni m'misewu ya Lilongwe asanaitanidwe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo ayenda ku Ulaya kangapo. Mwayi unalipo, inde, koma unadzera m'makutu a anthu enieni omwe anamva, nakonda, nauza anzawo. Makina sauza mnzake, sagula tikiti, sakuitanani kudzaimba paukwati.

Musaiwalenso osankha nyimbo omwe muli nawo pafupi: DJ wa pachinkhoswe, muulutsi wa pawayilesi ya m'dera, dalaivala wa minibasi ya pamsewu wa Kasungu ndi Nkhotakota. Nyimbo yomwe anthu a kwanu aipempha kawiri ndi umboni womwe mungaonetse mlendo. Lembetsaninso nyimbo zanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso lomwe lakhalapo kuyambira 1992, kuti zikamaulutsidwa pawayilesi gawo lanu lisasowe mwini.

Kwa makolo ndi abale amene mwana wakupemphani ndalama ya playlist pomwe fodya wangogulitsidwa kumene: mufunseni ngati munthuyo walonjeza chiwerengero cha omvera. Ngati walonjeza, musatumize. Ndalamayo ipite ku situdiyo, nyimboyo akaijambule bwino.