Kholo la zolembedwa zonse m'kompyuta lisaloledwe kufufuta kanthu

Munthu akafika pa chipatala cha boma cha Dedza kudzalandira mankhwala otalikitsa moyo, kalaliki amatenga buku lake la kuchipatala, naunika kapepala ka mizeremizere komatidwa pachikuto, ndipo pomwepo kompyuta imaonetsa dzina lake, mudzi wake, sikelo ya ulendo watha ndi mankhwala amene anapita nawo. Ntchitoyi inayambidwa ndi bungwe la Baobab Health, limene Gerry Douglas anakhazikitsa ku Lilongwe. Chipatala chathu chinali chimodzi mwa zoyamba m'maboma kulandira makinawa, ndipo mu 2019 udindo wowasamala unapita ku bungwe la EGPAF. Zooneka ndi maso anthu azitama kale. Ine ndifuna kunena za chinthu chobisika pansi pake, chimene wodwala sadzachiona masiku onse a moyo wake, chingakhale ndicho chimaweruza ngati mbiri yake idzakhulupirika.

Olemba mapulogalamu saumba chinthu chilichonse pachokha. Pakuti wodwala, ulendo wake, sikelo yake ndi mankhwala ake zili ndi zofanana, amayamba alemba kholo limodzi, limene iwo amati base class, naikamo zimene mtundu uliwonse wa zolembedwa udzatengera, kotero kuti chokoma cha kholo chimafika kwa ana onse, ndipo chilema chake chimagwera ana ndi zidzukulu zomwe. Ruby on Rails, chida chimene Baobab anamangira makina ake, chili ndi kholo lotere lotchedwa ApplicationRecord kuyambira 2016, ndipo Django nacho chimalola mmisiri kulemba lake. Koma Rails mwa iyo yokha imangopereka nambala yowerenga ndi nthawi imene chinthu chinalembedwa kapena kusinthidwa. Siisunga dzina la wolembayo, ndipo ukailamula kufufuta, imafufutadi osasiya ndi phazi lomwe.

Apa mpamene ndiyamika nzeru za amene anakonza pulogalamu ya OpenMRS, imene inayambidwa mu 2004 ndi Regenstrief Institute pamodzi ndi Partners In Health, imenenso Baobab anatengako kayalidwe ka zolembedwa zake, ndipo imatumikiranso odwala ku Neno. M'kholo lawo anaika lamulo lakuti cholembedwa cha wodwala chisaphedwe, koma chingoikidwa padera ndi chizindikiro chakuti sichigwiranso ntchito, pamodzi ndi dzina la wochiika paderayo, tsiku lake, ndi chifukwa chake. Taganizani namwino wotopa pa Lolemba m'mawa, mzere utafika kukhonde, amene chala chake chaterereka pa galasi la kompyuta nalemba makilo 15 m'malo mwa 51. Ngati makina amlola kufufuta ndi kulemba kwina mwakachetechete, ndiye kuti mawa, dokotala akafuna kudziwa chifukwa chimene mayi wamkulu anapatsidwa mlingo wa mwana, sadzapeza mboni, ndipo namwino wosalakwa dala adzafanana ndi munthu wobisa mlandu. Koma ngati cholakwikacho chikhalapobe pambali pa cholondola, nawo mawu akuti chala chinaphonya ali pomwepo, choonadi chimateteza onse awiri, wodwala ndi womuthandiza. Chifukwa chake ndinena kuti lamulo limeneli lisasiyidwe m'manja mwa mmisiri aliyense kuti alikumbukire pa mtundu uliwonse wa zolembedwa, pakuti munthu amaiwala. Likhale m'kholo, kuti ngakhale mnyamata wobwera dzulo pa ntchito asathe kulilumpha.

Chachiwiri ndi nambala. Ife a kumapiri tidziwa kuti magetsi amathima ndipo netiweki imasowa, kotero makina a ku Lobi, a ku Mayani kapena a kutsidya kwa chitunda ku Mtakataka ayenera kulemba okha popanda kufunsa ku likulu. Makina alionse akamawerenga kuyambira pa 1, tsiku losonkhanitsa zonse padzapezeka anthu atatu osadziwana olimbirana nambala 500. Mankhwala ake ndi uuid, dzina lalitali la zilembo ndi manambala 32 limene makina alionse angapange okha osaombana ndi anzawo, ndipo OpenMRS inaliika pa tsinde penipeni. M'mera mpoyamba: kuliika pa tsiku loyamba ndi mzere umodzi, koma kulionjezera zaka zitapita ndi ntchito ya miyezi.

Tsono pali chiyeso china, chimene ndimachiopa koposa, ndicho kulemeza kholo ndi zimene si zake. Mmisiri wophunzira pa zitsanzo za kunja amafulumira kulamula kuti pasalembedwe munthu wopanda tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso. Nzoona kuti mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika, ndipo ndi ntchito yotamandika. Koma analembedwa ndi a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo boma lathu lagundana ndi Angonia, kumene abale athu olankhula chinenero chathu amaoloka malire kudzafuna thandizo alibe chiphaso cha kuno. Nanga gogo amene angodziwa kuti anabadwa chaka cha njala ya 49, kodi tidzambweza pakhomo? Kalaliki wachifundo sangambweze, ndipo adzangopeka tsiku kuti makina amlole kupitirira, chotero bodza lidzalowa m'kaundula chifukwa cha kuuma mtima kwa pulogalamu. OpenMRS inasiya tsiku lobadwa kwa munthu yekha, osati m'kholo, niikapo kachizindikiro konena kuti tsikuli ndi longoyerekeza. Uko ndiko kulemekeza anthu monga ali.

Ena adzati kusafufuta kumadzaza makina, ndiponso kumaika chinsinsi cha munthu pangozi, makamaka tsopano pamene dziko lili ndi lamulo la 2024 loteteza zokhudza anthu. Nkhawa ya malo njochepa, pakuti zosungiramo zatsika mtengo. Koma ya chinsinsi njolemera, ndipo sindiipeputsa. Yankho langa ndi lakuti kholo lomwelo libise zoikidwa padera kwa onse, kupatula ochepa opatsidwa mphamvu, ndipo kufufutiratu, pamene lamulo lifunadi kutero, kukhale ndi khomo lakelake lofuna chilolezo cha mkulu, nako kulembedwe.

Nkhaniyi si ya zipatala zokha. Makopaletivu a alimi a kachewere ku Bembeke, magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, ngakhale ofesi za khonsolo, onse ayamba kugula mapulogalamu kwa achinyamata otuluka ku MUBAS, MUST ndi UNIMA. Ndipempha aphunzitsi awo kuti asapereke malikisi pa ntchito imene imafufuta osasiya mboni. Ndipo msungichuma wa kopaletivu, asanalipire ngakhale tambala, auze mmisiri kuti afufute ngongole imodzi pamaso pake, kenaka amuonetse amene waifufuta, nthawi yake, ndi ndalama zimene zinalembedwapo poyamba.