Acinyamata Si Oguba Cabe

Caka ndi caka pa 12 March acinyamata a m'Zambia amaguba padzuwa, akuluakulu ali khale pamthunzi kuomba m'manja. Mwambo ukangotha, anyamata ndi atsikana omwewo amatsekeredwa kunja kwa misonkhano yokonza mfundo za nchito, maphunziro ndi minda, ati nzeru zao n'zosakhwima.

Mbiri ya dziko ikutsutsa bodza limeneli. Vernon Mwaanga anakhala kazembe wa Zambia ku Moscow mu 1965 ali ndi zaka 21, ndipo mu 1973 anakhala nduna yoona nkhani zakunja. Ngati wa zaka 18 amaloledwa kusankha mtsogoleri wa dziko lonse, angalephere bwanji kugamula za mjigo ndi sukulu za kwao? Makhonsolo awapatse mipando ndi mphamvu yovota m'makomiti a citukuko. Kuguba kokha sikumanga dziko.