Make mbuu, mwana mbuu: mutu waching'alang'ala pabanja

Makolo anzanga, mwana akagwira mutu m'mawa n'kunena kuti sapita kusukulu, ambiri timafulumira kumunena kuti ndi waulesi. Chonsecho wokalipayo nthawi zina ndi mayi yemwe mwezi ndi mwezi amamanga duku mothinitsa, kutseka mawindo, n'kugona tsiku lonse osafuna kumva ngakhale kulira kwa tambala. Make mbuu, mwana mbuu. Mutu waching'alang'ala umayenda kumtundu, ndipo kholo likakhala nawo n'chapafupi kuti mwana nayenso akhale nawo. Tisamutsutse mwana pa ululu umene ifeyo tikuudziwa bwino.

Matendawa amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7 alionse padziko lapansi, ndipo amayi ndiwo amavutika nawo kwambiri, kuwirikiza katatu kuposa abambo. Munthu wamkulu mutu umamuwawa mbali imodzi, mogunda, kwa maola 4 mpaka 72. Amachita nseru, amasanza, ndipo kuwala ndi phokoso zimamuzunza. Ena mutu usanayambe amaona timizere tothwanima m'maso. Kwa mwana zimasiyana: ululu umagwira mphumi yonse, ungathe m'maola 2 okha, ndipo ana ena amangodandaula m'mimba. Mudzaona mwana watuwa, wasiya mpira, wakadzipinda pamphasa kuchipinda kwamdima, koma akadzuka ali gwa, akupempha nsima. Kuchira msangako ndiko kumamuonetsa ngati wabodza. Mukhulupirireni.

Matendawa si ufiti ayi. Kutema mphini m'mbali mwa mutu kumangosiya zipsera, ndipo lezala logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa matenda ena.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gulani kope, ndipo tsiku lililonse mutu ukabwera lembani zimene munthuyo anadya, nthawi imene anagona ndi zimene zinachitika pakhomo. Pakapita miyezi ingapo mudzaona nokha zimene zimautsa matendawa: kupita kusukulu opanda kanthu kukhosi, ludzu padzuwa la mu Okutobala, kuchezera pafoni, kuwerenga usiku wonse mayeso a MSCE akayandikira, msambo kwa atsikana ndi amayi, mowa kwa abambo. Ngakhale mikangano yathu makolofe ana amaisenza m'mutu. Kaphala kam'mawa, botolo la madzi m'chikwama ndi kugona nthawi yofanana tsiku lililonse zimachepetsa masiku odwala.

Mutu ukayamba, musadikire kuti ufike povuta. Panado kapena Brufen amathandiza kwambiri akamwedwa koyambirira, pamlingo woyenera msinkhu wa mwana monga anenera achipatala. Asipirini musapatse mwana wosakwana zaka 16. Wodwalayo amwe madzi, agone pamalo abata, kansalu konyowa kali pamphumi. Koma chenjerani: kumwa mapiritsi opha ululu masiku 15 kapena kuposa pamwezi kumabala mutu wina wosatherapo. Ngati mutu ukubwera pafupipafupi, kuchipatala kuli mankhwala oteteza, monga propranolol ndi amitriptyline, amene dokotala angalembe.

Safunsa anadya phula. Si mutu uliwonse umene uli waching'alang'ala. Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Khosi likauma, munthu akakomoka kapena kubwebweta, dzanja kapena mwendo ukafooka, kapena mutu ukabwera mwadzidzidzi ndi ukali wachilendo, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Mayi woyembekezera mutu ukamuwawa akayezetse BP. Ndipo inu amayi amene mumaona zothwanima zija, auzeni anamwino musanayambe kumwa mapiritsi olera, chifukwa okhala ndi estrogen amawonjezera chiopsezo cha sitiroko kwa inu.

Tsono abambo, mutu umodzi susenza denga. Mayi akagona, sonkhani moto, tsitsani wailesi, ana akuluakulu atunge madzi. Mukadwala ndinu, musabise poopa kuoneka ofooka, pakuti mnyamata wanu akuphunzira kwa inu kubisa ululu. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi kuti mwana azimulola kumwa madzi ndi kupuma pamthunzi m'malo momupatsa chibalo. Ndipo inu amene mwakhala ndi matendawa zaka zambiri, khalani pansi ndi mwana wanu mumuphunzitse zizindikiro zake, mankhwala ake ndi nthawi yokuitanani, kuti tsiku limene adzakhale kutali nanu adzadziwe kudzisamala.