AKADEMI YOPANDA SUKULU NDI MSIKA WA ANA

Liu lakuti "akademi" lamveka paliponse masiku ano. M'makomboni a mu Lusaka, ku Kitwe ngakhale ku Chipata, munthu akangopeza mipira iwiri ndi majezi akale, basi akuti watsegula akademi. Matimu akuluakulu naonso ali ndi magulu ao a anyamata acicepere. Ife sitidana ndi bola ai. Cimene tikukana ndi mcitidwe wotenga mwana wa zaka 13, kumuuza kuti tsogolo lake lonse lili m'mapazi, kumujombetsa kusukulu cifukwa ca tirening'i, kenaka akafika zaka 18 kumutaya monga mmene munthu atayira nzimbe atatha kuitafuna.

Tidziwa cimene cikopa anyamata. Mu 2017 timu yathu ya osapitirira zaka 20 inatenga cikho ca Africa pa Heroes Stadium itagonjetsa Senegal 2-0. Patson Daka ndi Enock Mwepu, amene anadzera ku Kafue Celtic, anapita ku Red Bull Salzburg ku Austria, ndipo mu 2021 Daka anagulidwa ndi Leicester City pamene Mwepu anapita ku Brighton. Ndani sanganyadire? Koma inu acinyamata, taŵerengani bwino. Pa anyamata onse amene anali kuthamanga pa mabwalo a fumbi pamodzi ndi aŵiriwa, ndi angati amene muŵadziŵa maina lero? Ku England, kumene kuli ndalama ndi mabwalo abwino, mtolankhani Michael Calvin analemba mu 2017 kuti pa ana 1.5 miliyoni osewera bola m'matimu a acicepere, pafupifupi 180 okha ndiwo adzadyera bola mu Premier League. Ngati kwa eni cuma khomo ndi lopapatiza cotero, nanga kwathu kuno?

Ngakhale amene walowa pa khomolo sali pabwino mpaka kalekale. Mu October 2022 Mwepu anasiya kusewera ali ndi zaka 24 cabe, madokotala atapeza kuti ali ndi vuto la mtima lobadwa nalo. Analibe mlandu uliwonse: sanali waulesi kapena wopulupudza. Mwai wake ndi wakuti anali pa timu imene inamupima bwino ndipo pambuyo pake inamupatsa nchito yophunzitsa ana a zaka zosapitirira 9. Tsono ganizirani mnyamata wina amene bondo lake laduka pa bwalo la m'komboni, alibe inshuwalansi, alibe satifiketi, ndipo anasiya sukulu cifukwa kochi anamuuza kuti mabuku angomutayitsa nthawi. Ameneyu apita kwa yani?

Ena ayankha kuti, "Kodi akatswiri akale aja anafuna madigiri? Kalusha Bwalya sanamwetse zigoli zitatu pamene tinakwapula Italy 4-0 mu 1988?" Amene alankhula tero aiŵala cinthu cimodzi. Nthawi imeneyo matimu monga Mufulira Wanderers, Nkana ndi Nchanga Rangers anali m'manja mwa migodi. Wosewera ambiri anali pa nchito ya kampani, ali ndi nyumba, cipatala ndi malipiro a pamwezi. Miyendo ikatopa anali ndi pogwira. Pamene migodi ya ZCCM inatha kugulitsidwa mu 2000, zambiri za izi zinapita nazo. Mnyamata wa lero akagwa, agwera pa nthaka youma.

Enanso akuti bola ndiyo njira yokha yothawira umphawi, conco tisatsekereze ana. Mau amenewa ndiwo nyambo imene akathyali agwiritsa nchito. Mu 2015 kunamveka nkhani ya anyamata 23 ocokera kumadzulo kwa Africa, ambiri a ku Liberia, ena a zaka 14, amene anatengedwa kupita ku Laos atalonjezedwa akademi ya timu ya Champasak United. Atafika anapeza kuti kulibe maphunziro, ndipo anali kugona pansi m'cipinda ca pa sitediyamu. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Lamulo la FIFA liletsa kugulitsa wosewera wosakwana zaka 18 ku dziko lina, kupatulako pa zifukwa zocepa. Ngakhale Barcelona inalangidwa mu 2014, ndi Chelsea mu 2019, cifukwa cophwanya malamulo okhudza ana. Tsono munthu akabwera pakhomo panu kupempha ndalama za tikiti ndi pasipoti kuti mwana wa zaka 15 akayesedwe ku Ulaya, dziŵani kuti mwakumana ndi fisi.

Kodi n'zosatheka kuphatikiza bola ndi sukulu? Zitheka ndithu. Ku Ghana akademi ya Right to Dream, imene Tom Vernon anayamba mu 1999, iphunzitsa ana m'kalasi ndi pa bwalo pomwe. Mohammed Kudus anacokera kumeneko nakasewera ku Ajax ndi West Ham, koma anzake ena amene sanafike patali m'bola anapeza malo m'masukulu ndi m'mayunivesiti a ku America. Mu 2022 Crystal Palace inayamba dongosolo losamalira kwa zaka zitatu anyamata amene yaŵacotsa mu akademi, kuŵathandiza kupeza timu ina, maphunziro kapena nchito. Ndipo matimu athu asanene kuti ndalama kulibiretu. Malamulo a FIFA anena kuti wosewera akagulitsidwa kunja, 5 peresenti ya mtengo wake igaŵidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 kufika 23. Ngati timu idziŵa kulondola ndalama zimenezi, idziŵenso kugula mabuku ndi yunifomu ya ana otsalawo. Kuonjezera apo, kuyambira mu 2022 masukulu a boma muno mu Zambia salipiritsa. Cifukwa cosiyitsira mwana sukulu n'ciani tsopano?

Conco tipempha a FAZ kuti asalole timu iliyonse kuchula gulu lake akademi ngati siingaonetse kuti mwana aliyense ali pasukulu, anapimidwa mtima ndi thupi lonse, ndipo makolo ake anaŵerenga ndi kumvetsa pepala limene anasaina. Tirening'i icitike ana ataŵeruka. Amene walephera m'kalasi athandizidwe, osati kumuombera m'manja cifukwa wagoletsa Loŵeruka. Timu imene yacotsa mnyamata isamuiŵale pa geti.

Inu makolo, musagulitse mwana ndi jombo zatsopano. Funsani mafunso ngakhale kochi akwiye.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana a m'magulu athu, sewerani ndi mtima wonse, pakuti luso ndi mphatso yosayenera kukwirira. Koma musanalembetse ku akademi iliyonse, funsani kuti, "Nanga ndikapanda kusankhidwa, mudzandicitira ciani?" Akakuyankhani bwino, loŵani. Akakusekani kapena kukuuzani kuti mulibe cikhulupiriro, nyamulani jombo zanu mubwerere m'kalasi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.